Lipoti la Nthumwi: Zilumba za Maleri ndi Dothi Lochokera Kwathu

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse, tabwerako ku Salima komwe munatituma kumsonkhano wa makalabu osamalira zachilengedwe. Nkhani inali ya zilumba zing'onozing'ono za mu Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Zokamba zinalipo zambiri, koma yomwe yatikhudza ndi iyi: limodzi mwa mavuto a zilumbazi likuchokera kuno ku Lilongwe.

Nyanja yathu ili m'chigwa cha Rift Valley, pomwe nthaka inang'ambika n'kutitimira, n'chifukwa chake kumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Zilumba monga Thumbi, Domwe, Mumbo, Boadzulu ndi zitatu za Maleri (Maleri, Nankoma ndi Nakantenga) ndi nsonga za mapiri a thanthwe lolimba zomwe madzi sanamize. Thanthwelo limasweka pang'onopang'ono ndi dzuwa ndi mvula, miyala n'kumagubudukira m'madzi, kusanjikizana, kusiya mapanga ndi ming'alu. M'menemo ndi m'mene mumakhala mbuna. Nsombayi imadya ndere zomera pamiyala, imachita kupala ndi mano, ndipo yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu. Kuwoloka pamchenga kapena pamadzi akuya siikonda. Mwa ichi, pafupifupi chilumba chilichonse chili ndi mitundu ina ya mbuna yosapezeka kwina kulikonse, moti ikatha pamenepo yatheratu.

Pamtunda dothi ndi lochepa zedi. Milambe ndi mikuyu imagwira mizu m'ming'alu, ndiye moto ukadutsa kapena mtengo ukadulidwa, pamatenga zaka kuti pamerenso china. Pamapezeka nkhwazi, akatumbu ndi ng'azi, ndipo miyala ya Boadzulu inachita kuyera ndi zitosi za mbalame zomira m'madzi. Lamulo limateteza zilumbazo pamodzi ndi madzi ake kufika mamita 100 kuchokera pagombe. M'menemo ukonde suloledwa.

Tsopano yathu ija. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama, umadutsa mumzinda muno, n'kukathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amalowa m'nyanja moyang'anizana ndi zilumba za Maleri. M'dzinja madzi ofiira amatambalala mpaka kuzilumbazo. Matope akadikha amakwirira miyala, kuwala sikufika pansi, ndere sizimera, mbuna n'kusowa chakudya. Palinso china chomwe ambirife sitimachiganizira: mbuna yaikazi imasankha yaimuna poona mtundu wake, buluu kapena wachikasu, ndiye m'madzi avundu kusankhako kumasokonekera. Alonda a paki angathe kulanda ukonde, koma matope sangawabweze. Dothi limenelo ndi la m'minda yathu, la m'magombe momwe tikukumba mchenga ndi kuumba njerwa, la ku Dzalanyama komwe makala akutha mitengo.

Tikupempha gulu kuti chaka chino tisankhe chigawo chimodzi cha gombe la mtsinje, m'malo momwaza mphamvu paliponse. Pamalo otsetsereka tiyambe ndi akalozera (mizere yopingasa yotsatira mulingo umodzi), kenako udzu wa vetiva. Vetiva amadzalidwa mvula ikakhazikika: tizule phata, tiligawe timagulu ta mphukira zitatu, tidule masamba kutsale masentimita ngati 20, n'kudzala motalikana masentimita 10 mpaka 15 motsatira kalozera. Ambiri amalakwitsa potalikitsa kuti mbewu ikwane; madzi amapeza mpata, amasonkhana pamenepo n'kukumba chigwembe choposa poyamba. Pomwe pafa tipakize msanga, ndipo mbuzi zisafikepo chaka choyamba. M'mphepete mwenimweni mwa mtsinje musalowe khasu, bango ndi nsenjere zisiyidwe.

Sitingayambe osakumana ndi amfumu ndi eni madimba, chifukwa dimba ndi ndiwo komanso ndalama ya sukulu. Pamsonkhano wathu wotsatira tigwirizane za malo, komwe tipeze mbewu ya vetiva, ndi anthu awiri okaonana ndi alangizi a zaulimi.