Lipoti la nthumwi pa msonkhano wa zaumoyo wokonzekera nyengo ya mvula

Kwa a Gulupu, mafumu athu, apampando ndi mamembala onse a komiti ya zaumoyo ya m'dera lino.

Munatituma ku boma kuti tikakhale nawo pa msonkhano wa makomiti a zaumoyo, alangizi a zaumoyo ndi akuluakulu a zipatala, wokonzekera dzinja. Nkhani zinalipo zambiri, koma zonse zinkabwerera pa mfundo imodzi: chomwe chimatitayitsa anthu m'dzinja ndi nthawi imene imadutsa pakati pa kuyamba kudwala ndi kulandira chithandizo choyamba. Mbali yaikulu ya nthawi imeneyi imatayika kumudzi konkuno, wodwala asanaonane ndi dokotala, ndipo kuifupikitsa ndi ntchito ya komiti ngati yathu. Tayamba ndi kolera chifukwa ndi pamene zokambirana zinakhalitsa.

Kolera ndi kathiridwe ka klorini

Anatikumbutsa za mliri umene unayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, n'kufalikira maboma onse. Boma linalengeza mu Disembala chaka chomwecho kuti ndi ngozi yaikulu, ndipo anthu oposa 1,700 anamwalira. Mliri umenewu sunaleke ngakhale m'chilimwe, choncho kaganizidwe koti kolera amabwera ndi mvula basi tikasiye.

Klorini amene timalandira ndi waufa, wotchedwa HTH, ndipo sathiridwa mwachindunji mu ndowa ya madzi akumwa. Amayamba wasungunulidwa: magalamu 15, omwe ndi supuni imodzi yaikulu yosasefukira, mu lita imodzi ya madzi oyera. Apa timapeza klorini wamadzi wa 1 peresenti, amene alangizi amagawa m'mabotolo. Posungunula pamafunika chigubu chapulasitiki, chifukwa klorini amadya chitsulo. Mukatakasa, dikirani kuti zoyera zija zikhazikike pansi, kenako tsanulirani madzi a pamwambawo m'botolo lotsekeka bwino.

Pa ndowa ya malita 20 ya madzi oyera m'maso, supuni yaing'ono imodzi ya klorini wosungunulayu imakwana. Takasani, vundikirani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope, monga a m'dambo kapena a pachitsime chosatetezedwa mvula itangogwa, asefedwe kaye pa nsalu yoyera kapena asiyidwe kuti matope akhale pansi, chifukwa matope amamaliza mphamvu ya klorini asanaphe tizilombo. Mulingo wa madzi otere amauwonjezera, ndipo mlangizi ndi amene atiyezere pa gwero lililonse la madzi.

Pali zolakwika zitatu zimene alangizi ochokera m'madera osiyanasiyana ankazitchula mobwerezabwereza. Choyamba, botolo la klorini kulisiya pawindo kapena pakhonde: dzuwa ndi kutentha zimamutha mphamvu, banja n'kumathira madzi wamba likuyesa mankhwala. Botolo likhale pamdima, lotseka, potalikira ana, ndipo ndi bwino kusungunula pang'onopang'ono kusiyana n'kukonza wambiri woti akhale mwezi wathunthu. Chachiwiri, kuthira mopyola muyezo poganiza kuti akachuluka ndiye agwira bwino. Madzi amanunkha, ana amawakana, mayi amabwerera ku madzi osathira ndipo sadzavomeranso. Chachitatu, madzi kuwathira bwinobwino kenako kumatunga ndi kapu yomwe aliyense wamwera, zala zikuviikidwa m'ndowa. Ndowa yapampopi kapena chigubu chokamwa pang'ono zimathetsa vutoli. Pomwe palibe, pakhale makapu awiri, yotungira ndi yomwera.

Madzi a pamjigo nawonso athiridwe. Amatuluka pansi ali abwino, koma amadetsedwa panjira: ndowa yosatsuka, masamba oika pamwamba kuti asakhavukire, manja a wosenza.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, osadikira kuti kuche. Thanzi ORS ayambe kumwa pomwepo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo azimwabe ali pa njinga kupita kuchipatala. Kolera amatha kumaliza madzi m'thupi la munthu wamkulu m'maola ochepa chabe. ORS wosungunula akatha maola 24 atayidwe. Ngati paketi palibe, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi zimathandiza panjira, koma mchere usapyole, makamaka kwa mwana.

Nkhani ya maliro inali yovuta kuikamba, ndipo mafumu amene analipo sanavomere zonse mosavuta. Komabe malangizo ndi omveka: thupi la womwalira ndi kolera limakonzedwa ndi azaumoyo pogwiritsa ntchito klorini wamphamvu wa 2 peresenti, achibale sasambitsa, mwambo sukhalitsa, ndipo chakudya cha pagulu chimapewedwa. Ifeyo tikuona kuti nkhaniyi ikambidwe ndi adzukulu komanso atsogoleri a mipingo ndi mizikiti panopa kulibe maliro. Kuiyambitsa pa siwa anthu akulira kumangobala mkangano.

Za zimbudzi sitikhalitsapo, mukuzidziwa. Chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, chikhale chakumunsi, chikhale ndi chivundikiro pa bowo, ndi mpondagiya wokhala ndi madzi ndi sopo kapena phulusa. Chofunika mwezi uno n'kuyendera zimbudzi za m'malo a mchenga ndi zofolera mwachisawawa, chifukwa ndi zimene zimagwa ndi mvula yoyamba, ndipo banja likagwetsa chimbudzi mu Januwale silikumbanso mpaka litakolola.

Kiliniki ya m'mudzi

Kiliniki imeneyi ndi ya ana a miyezi iwiri mpaka osakwana zaka zisanu, ndipo mlangizi amathandiza malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ndi maso ofiira. Si ya akuluakulu. Tikunena izi chifukwa pafupifupi dera lililonse linadandaula za anthu amene amakakamiza mlangizi kuwapatsa LA wa ana, mankhwala a malungo aja, ena mpaka kubwereka mwana wa mnansi. Munthu wamkulu amamwa mapilisi 24 kuti amalize mulingo wake, pomwe mwana wosakwana zaka zitatu amamwa 6. Wamkulu mmodzi akalanda, ana anayi atsala opanda mankhwala.

Mwana wotentha thupi amayezedwa kaye magazi a pachala pa kachipangizo kamene kamaonetsa mizere. Mizere iwiri ndi malungo, mzere umodzi wa pamene palembedwa C ndiye kuti palibe, ndipo ngati pa C sipanatuluke mzere, kachipangizoko n'kowonongeka ndipo ayezenso. Tizipangizo timeneti timawonongeka ndi kutentha, n'chifukwa chake bokosi la mankhwala lisakhale pansi pa malata opanda siling'i kapena pafupi ndi moto. Zotsatira zikasonyeza kuti malungo palibe, makolo asakwiye kuti mlangizi wawamana LA. Kutentha thupi kumabweranso ndi matenda ena, ndipo amenewo ndi ofunika kuwafufuza.

LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Mulingo wachiwiri umabwera pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo. Mwana adye kapena ayamwe, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala kamafuta m'mimba. Akasanza pasanathe mphindi 30, amwetsedwenso, ndipo kholo libwerere kwa mlangizi kukatenga pilisi lolowa m'malo. Vuto lalikulu ndi la tsiku lachiwiri: mwana wayamba kusewera, mayi akusunga otsalawo kuti adzathandize mng'ono wake. Tizilombo timakhala tisanathe, ndipo malungo amabwerera pakangopita masabata ochepa.

Chibayo amachidziwa powerenga mpweya kwa mphindi imodzi yathunthu mwana ali phee, osati akulira. Wa miyezi iwiri mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposa ndi kofulumira. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ka 40. Mankhwala ake ndi amoxicillin wosungunuka m'madzi, kawiri pa tsiku masiku asanu. Pa kutsegula m'mimba, ORS amayenda ndi zinki, ndipo zinkiyo amwedwe masiku 10 onse ngakhale mwana atasiya kutsegula pa tsiku lachitatu, chifukwa amalimbitsa matumbo ndi kuteteza kuti asadwalenso msanga.

Pali zizindikiro zimene aliyense wa ife ayenera kuziloweza, chifukwa nthawi zambiri usiku amayamba kugogoda kwa membala wa komiti asanapite kwa mlangizi. Mwana akukomoka, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, walefuka moti sakudzuka, pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, m'chimbudzi muli magazi, kapena watupa mapazi onse awiri: ameneyu ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo. Wotentha thupi amene sangathe kumeza, mlangizi amamuika mankhwala a artesunate kumalo ochitira chimbudzi. Mwana amatha kutsitsimuka, makolo n'kuganiza kuti wachira n'kubwerera panjira. Mankhwalawa ndi ongomugwiriziza kuti akafike, ndipo akapanda kupitiriza chithandizo kuchipatala matenda amabwerera mwamphamvu. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala chilichonse, ulendo ndi wa kuchipatala basi.

Popeza dzinja ndi nyengo ya njala, anatsindikanso kuyeza mkono wa ana a miyezi 6 kupita m'tsogolo ndi kalamba ka mitundu itatu. Pofiira, osakwana masentimita 11.5, mwana wanyentchera kwambiri. Pachikasu, mpaka 12.5, ali pa chiopsezo. Chiponde ndi mankhwala a mwana amene walembedwa, si chakudya cha banja lonse, ndipo chikapezeka pa msika tikauze chipatala.

Udindo wa komiti pa kilinikiyi ndi uwu. Bokosi la mankhwala limakhala ndi maloko awiri, kiyi wina kwa mlangizi, wina kwa membala wa komiti, ndipo wosunga kiyi akhale munthu wopezeka pamudzi, osati woyenda maulendo a geni. Pakutha pa mwezi, mamembala awiri awerenge mankhwala pamodzi ndi mlangizi, afanizire ndi kaundula, asaine, lipoti lisanatumizidwe. Lipoti likachedwa kapena manambala akalakwika, mankhwala a mwezi wotsatira amabwera operewera. Mankhwala oyandikira kutha ntchito aikidwe kutsogolo kuti ayambe kutuluka. Ndondomeko ya boma imafuna mlangizi mmodzi pa anthu 1,000 aliwonse ndiponso kuti azikhala m'dera lomwe akugwira ntchito. Madera amene anamumangira nyumba kiliniki imatsegulidwa ngakhale usiku, pomwe kwina imatsegulidwa tsiku limodzi kapena awiri pa sabata chifukwa amachokera kutali pa njinga, ndipo mtsinje ukadzadza sabwera.

Amayi oyembekezera, katemera ndi thandizo lina

Sikelo ayambe m'miyezi itatu yoyambirira ndipo aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu. Fansidar, woteteza ku malungo, amayamba mimba ikapyola miyezi itatu, kamodzi pa mwezi, kosachepera katatu, ndipo amamwera pamaso pa namwino. Amene masiku awo akugwera pakati pa mvula ndipo amakhala kutsidya kwa mtsinje apite kuchidikiro msanga. Pa chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo panali kusiyana maganizo. Azamba a kuchipatala anachenjeza kuti mayi akaopa chindapusa amabisa khanda, osapita nalo kukaonedwa m'masiku oyambirira omwe ndi oopsa kwambiri. Ife tikugwirizana nawo, ndipo tikupempha mafumu aunikenso lamuloli.

Katemera wa malungo anayambira kuno ku Malawi mu Epulo 2019 m'maboma 11, ndipo amaperekedwa kanayi: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wachinayiyo ndi amene amaiwalika, chifukwa mwana akayamba kuyenda makolo amasiya sikelo. Katemerayu salowa m'malo mwa neti.

Wogwiriridwa, mwana kapena wamkulu, afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo nkhani yotere sikambidwa pabwalo la mfumu kapena kuthetsedwa ndi chipepeso. Ipite ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndipo pa nkhani za ana pali nambala yaulere ya 116. Wofuna uphungu wa zaumoyo asanayambe ulendo angathe kuimbira Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011. Za matenda a maganizo zinakambidwa mwachidule, koma mfundo yake ndi yakuti munthu amene wayamba kudzipatula, kugawa katundu wake kapena kulankhula zodzipha asasiyidwe yekha, aperekezedwe kuchipatala, komwe kuli anamwino odziwa za matendawa. Madandaulo okhudza kalandiridwe ka odwala apite kwa ombudsman, wolandira madandaulo pachipatala, kapena ku komiti yoyendetsa chipatala, atalembedwa tsiku ndi nthawi yake.

Zofuna chigamulo chanu

Chachikulu ndi mayendedwe. Ambulansi imathandiza madera ambiri ndipo m'matope siifika paliponse, choncho tikupempha kuti pakhale thumba la ngozi losungidwa ndi msungichuma, mulingo wa chopereka muugwirizane inu. Tigwirizanenso ndi akabaza a njinga zamoto awiri kapena atatu pa mtengo wokhazikika wa usana ndi usiku, kuti banja lisamakambirane mtengo mwana akukomoka, ndipo manambala awo akhale ndi mfumu iliyonse. Pakufunikanso kusankha wosunga kiyi wachiwiri wa bokosi, kugawana midzi yoyendera zimbudzi, ndi kulemba mayina a amayi onse amene akuyembekezera kuchira pakati pa Disembala ndi Malichi. Ya nyumba ya mlangizi tikupempha a Gulupu aitengere ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kuti njerwa ziwotchedwe mvula isanayambe. Mapepala a kayezedwe ka klorini ndi a zizindikiro zoopsa tawasiya kwa alembi, ndipo mlangizi wavomera kudzationetsa kasungunulidwe ka HTH pa msonkhano wathu wotsatira. Aliyense adzabwere ndi botolo lotsuka la lita imodzi ndi supuni yaing'ono.

Nthumwi zanu