Usanapite ku Santa Pod

Mwana wanga,

Kuno tonse tadzuka bwino. Amayi ako akuti ndikuletse, koma munthu woti galimoto wagula kale, tsiku lopita ku Santa Pod wasankhanso kale, kalata singamubweze. Bola ndikuuze zoti uchite kuti madzulo ake ubwerere kunyumba ukuyendetsa wekha, osati galimoto ili pamsana pa lole.

Malo amenewo anali bwalo la ndege zankhondo ku Podington, ku England, mipikisano inayambika mu 1966. Magalimoto amathamanga awiriawiri pa msewu wowongoka, iliyonse mbali yake. Mtunda wothamanga ndi mamita 402 okha, koma malo oyambira amawapaka mankhwala omata, moti ukapondapo nsapato imakakamira. Pamsewu wamba ukaponda moto mopitirira, matayala amangopalasa, mphamvu n'kutayika. Koma ku Santa Pod tayala limagwira, ndipo mphamvu yonse imakathera pa klatchi, giyabokosi ndi mashafiti. Chimene chili chofooka chimathyoka tsiku lomwelo.

Dzulo lake lowa pansi pa galimoto ndi tochi. Dontho la oilo kapena la madzi, ngakhale limodzi, likonze, chifukwa oyang'anira akaliona akubweza. Batire ikhale yomangidwa ndi chitsulo chake, osati lamba wa chubu. Manati a matayala uwamange onse, mapaipi a rediyeta uwafinye ndi dzanja, lofewa kapena long'aluka usinthe. Chotsa jeki, sipeya, mabotolo ndi kapeti ya kumapazi ako. Kapeti imeneyo imakwinyika n'kupanikiza chopondera moto. Petulo akhale theka la thanki. Akachepa kwambiri amathawira kumbuyo ponyamuka, pampu n'kumeza mpweya, injini n'kutsamwa. Tenga laisensi, helemeti, thalauza lalitali ndi nsapato zotseka. Dziwanso kuti inshuwalansi wamba ya pamsewu siilipira ngozi ya pampikisano.

Popeza galimoto yako imakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo ndi matayala wamba, achepetse mpweya ukafika. Ngati umayendera 32 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala), yambira pa 28, kenaka uzitsitsa 2 psi ulendo uliwonse, osatsika kupyola 22. Akutsogolo uwawonjezere pang'ono kuti azigudubuzika mopepuka. Geji ndi pampu utenge zako, pobwerera udzafunika kupopanso.

Usanafike pamzere pali malo othira madzi pomwe anzako amapalasitsa matayala mpaka utsi tolotolo. Iwe ulambalale. Amenewo ali ndi matayala osalala a mphira wofewa amene amamata akatentha. Ako ali ndi mizere, amatunga madzi n'kukawadonthezera pamzere woyambira, ndiye uterereka iwe, aterereka ndi wobwera pambuyo pako. Ingozungulitsa matayala kamodzi pouma kuti mchenga uchoke, basi. Ndikudziwa utsi ndi umene umakoma pa vidiyo, koma pa matayala ako ukungowotcha ndalama. Eyakoni uzimitse, nayo imadontha madzi. Mawindo tseka, lamba manga.

Tsopano nyali, pamene atsopano ambiri amachitira manyazi. Pakati pa misewu iwiriyo pali mtengo wa nyali umene amautcha Christmas tree. Pansi, pamzere, pali timizere tiwiri ta kuwala todutsa msewu, totalikirana masentimita 18. Yandikira ngati nkhono. Tayala lakutsogolo likadula koyamba, nyali yapamwamba iyaka. Ima pamenepo, udikire mnzako wa mbali inayo kuti naye ayatse yake. Ndi ulemu wa pamalopo. Kenaka sendera pang'ono kwambiri mpaka nyali yachiwiri iyake, ponda buleki, usasunthenso. Ukadutsa nyali zonse n'kuzima, bwerera m'mbuyo uyambirenso, usakaimike matayala akumbuyo pamzere anthu akuonerera.

Nonse mukakhazikika, nyali zitatu zachikasu ziyaka motsatizana, iliyonse patatha theka la sekondi, kenaka yobiriwira. Odziwa amanyamuka pa yachikasu yachitatu, chifukwa phazi ndi galimoto zimatenga kanthawi kuti ziyankhe. Ukafulumira kwambiri iyaka yofiira. Koma ulendo woyamba ndi wachiwiri usalimbane nazo. Wotchi yoyeza nthawi yako siiyamba nyali yobiriwira ikayaka, imayamba tayala lako likachoka pa kamzere kaja. Ukhoza kukhala masekondi awiri utaima, nthawi yako siionongeka. Mnzako akafwamphuka, msiye apite.

Ponyamuka kweza injini ifike pakati pa 2,500 ndi 3,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), tulutsa klatchi mwachangu koma mosalala, moto uziwonjezera pamene galimoto ikuyamba kuyenda. Osaisiya klatchi mwadzidzidzi. Matayala akapalasa, chepetsa moto agwire kaye. Ukamva kumbuyo kukudumphadumpha, gu-gu-gu, ngati ngolo pa msewu wa mabampu, chotseratu phazi nthawi yomweyo. Apo tayala likugwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, ndipo kugunda kulikonse kukupotokola shafiti. Ambiri amathyolera pamenepa, m'mamita asanu oyamba. Magiya sintha modekha, makamaka pochoka pa 2 kupita pa 3. Dzanja lanjenje limatha kulowetsa 1 pamene umafuna 3, kapena kubwezera pa 2 pamene umafuna 4, injini n'kuzungulira kupyola malire, mavavu n'kupindika.

Maso akhale kutsogolo kutali, osati pa galimoto ya mnzako. Kumbuyo kukayamba kugwedera, chotsa phazi pamoto, usalimbane ndi chiwongolero. Ukamva chaphulika kapena ukaona utsi, patukira m'mbali mwa khoma n'kuima. Ukapitiriza udzaza oilo msewu wonse, anthu adikira ola lathunthu akukolopa.

Ukadutsa mzere womaliza usaponde buleki mwamphamvu, msewu woimira ndi wautali. Amene ali mbali ya kotulukira ndiye amayamba kukhota. Usamudutse kutsogolo, ndipo usatembenuke pamsewupo.

Akupatsa kapepala ka nthawi. Aliyense amathamangira nambala ya nthawi ya mtunda wonse, koma iwe yang'ana yolembedwa 60ft, nthawi ya mamita 18 oyamba. Pa matayala wamba, masekondi 2.2 ndi chiyambi chabwino. Ukachotsapo 0.1 pamenepo, kumapeto umapindula pafupifupi 0.15 kapena 0.2, osagula chitsulo chilichonse. Kuseri kwa kapepala lemba mpweya wa matayala ndi rpm imene unanyamukira, ndipo ulendo uliwonse usinthe chinthu chimodzi chokha. Pakati pa maulendo tsegula boneti kwa mphindi 20 kapena 30, injini yotentha imafooka, klatchi nayo imayamba kununkha n'kuterereka. Maulendo anayi kapena asanu akwana.

Timapepalato utijambule unditumizire pa WhatsApp madzulo omwewo, tione limodzi pamene nthawi ikutayikira. Koma uyambe waimbira amayi ako ukangotuluka pageti.

Ndine,
Bambo ako