Tiuzeni chozimitsa magetsi, anthu asanayambe kulozana zala

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko patsamba lanu pa nkhani imene ikukula m'madera ozungulira mzinda wa Zomba. Kuzimazima kwa magetsi tonse tinakuzolowera, ndipo sindikulemba kuti ndilire za ndiwo zoonongeka mufiriji. Chandidetsa nkhawa ndi nkhani zimene zikuyenda limodzi ndi mdimawu. Mukakwera minibasi yochokera ku Jali kapena ku Mayaka, kaya mukaima pang'ono pamsika wa Songani, mumva zoti kwa auje magetsi anazima pamene kwa aneba akuyaka, ndiye kuti alipo wachita zake. Wina akuti usiku womwewo kunadutsa galimoto yopanda nambala. Wina anamva mapazi padenga la malata, winanso mbuzi yake inapezeka itafa m'khola yopanda bala. Mukafunsa amene anaona ndi maso ake, amakuuzani kuti ndi achimwene a mnzawo wa kutchalitchi.

Kuzima kwa dera lonse sikudabwitsa munthu. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kuyambira mu 2017 EGENCO ndiyo imapanga, ESCOM n'kumagawa. Madzi akachepa, kapena makina akatsekeka ndi matope ochokera m'mapiri amene tinameta tokha pootcha makala, kapenanso ndi namasupuni wotsika ndi mtsinje, mphamvu imachepa ndipo amayamba kugawa mosinthanasinthana. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023, ndipo palibe anatchula mfiti, chifukwa wailesi inafotokoza ndipo tonse tinamva.

Chimene chimasokoneza anthu ndi kuzima kosankha nyumba, ndipo n'chimene sichifotokozedwa kawirikawiri. Pathiransifoma pamachoka nthambo zamoto zitatu, amisiri amati mafezi, ndipo nyumba za pamzere umodzi zimagawidwa pa nthambo zitatuzi. Fyuzi ya nthambo imodzi ikapsa, nyumba zonse za pa nthamboyo zimada, za pa ziwiri zinazo zikuwala. Choncho inu mungakhale mumdima pamene mukumva wailesi ikulira kuseri kwa mpanda. Fyuziyo imapsa chifukwa cha katundu wochuluka: wina waika makina owotcherera zitsulo, wina wakoka nthambo mwachinyengo kupita kunyumba zake za lendi zisanu, madzulo onse n'kuyatsa mbaula zamagetsi nthawi imodzi. Pali vuto linanso loopsa kuposa apa, la nthambo yobwezera mphamvu kuthiransifoma, imene amisiri amati nyutilo, ikamasuka kapena kubedwa. Pamenepo mababu ena amawala mopitirira, ena kumangofiira, wailesi yakanema n'kutulutsa utsi popanda woikhudza. Munthu amene sanauzidwepo zimenezi, akaona babu likuphethira lokha pakati pa usiku, mukuganiza kuti anganene chiyani? Onjezani nthambi za bulugamu ndi mango zogwera nthambo nthawi ya mvula, mapolo odyedwa ndi chiswe, ndi mita imene yangotha mayunitsi mwana atasiya ayironi yoyaka.

Za galimoto yoyenda usiku ija, ine sinditsutsa kuti ingakhalepo. Akuba mafuta a m'mathiransifoma ndi nthambo za kopa sayenda masana, ndipo sasiya nambala poyera. Thiransifoma ikakhetsedwa mafuta imapsa, mudzi wonse n'kukhala mumdima masabata, chigayo chitaima, amayi akusenza chimanga kupita kutsidya. Anthu amenewa ndi akuba wamba ofunika kukawanenera kupolisi. Koma tikangowapatsa dzina la anamapopa, timasiya kulondera thiransifoma n'kuyamba kusaka mlendo aliyense wonyamula chikwama.

Kumene njira imeneyi imathera tikukudziwa, ndipo si kutali ndi kuno. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira kwa anansi athu a ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo mmodzi mwa iwo anali mnyamata wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, achinyamata anatchinga misewu n'kumaimitsa ngakhale magalimoto a zaumoyo, ndipo pulezidenti Peter Mutharika anachita kuyendera maderawo kukatonthoza anthu. Apolisi anamanga anthu oposa 100, koma omangidwawo anali omenya ndi kupha anzawo, osati opopa magazi. Akuluakulu akumbukiranso za kumapeto kwa 2002 ndi kuchiyambi kwa 2003, nthawi ya a Bakili Muluzi, pamene a Eric Chiwaya, mkulu wa chipani cholamula mu Blantyre, anagendedwa pa mphekesera yomweyi. Ngati munthu wodziwika chotero anagendedwa, nanga gogo wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi angamuteteze ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikunyoza anthu akumudzi, ndine mmodzi wa iwo. Munthu amene walipira ndalama zolumikizitsa magetsi atagulitsa mpunga wake wa kunyanja ya Chilwa ali ndi ufulu wodziwa chifukwa chimene nyumba yake yada. Akapanda kuuzidwa, yankho amalipeza yekha, ndipo lopezeka msanga ndi lija la pa WhatsApp, mawu ojambulidwa a munthu wopanda dzina akulankhula mopuma wefuwefu. Ophunzira a m'tauni nawonso asadzimve, chifukwa ambiri otumiza mawu amenewa kumudzi ndi ife a ku Matawale ndi Chinamwali amene tili ndi mabando, tikumati "ndangotumiza kuti musamale."

Pempho langa loyamba lipite kwa ogawa magetsi. Ndondomeko ya kuzima imene imaikidwa pa Facebook siifika kwa mayi wa ku Chingale amene foni yake ndi ya mabatani. Amisiri akabwera kudzakonza, asamangokwera pholo n'kuchoka. Mphindi zisanu zouza a nyakwawa kuti "inapsa ndi fyuzi chifukwa cha makina awa," kapena "mafuta anabedwa," n'zokwanira kuti mawu oona ayende m'mudzi monse dzuwa lisanalowe. Mawailesi a m'madera nawo angathe kumaitana mmisiri kudzayankha mafunso a omvera m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Mafumu athu, inu ndinu oyamba kumva zonsezi. Chiweto chikafa mosadziwika bwino, itanani alangizi a ziweto achione chisanakwiriridwe kapena kudyedwa, chifukwa matenda ndi njoka zimapha popanda bala looneka. Mlendo akakayikiridwa, aperekedwe kupolisi ali wamoyo komanso wosavulala. Ndipo muzikumbutsa anthu anu pabwalo kuti lamulo la zaufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limalanga amene wanenera mnzake ufiti. Anyamata amene akufunitsitsa kulondera usiku asatchinge msewu ndi miyala ndi zibonga. Alembetse mayina kwa amfumu, agwirizane ndi apolisi a m'dera, ndipo malo oyamba kuwayang'anira akhale pathiransifoma ya pachigayo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Thondwe, Zomba