Kalata ya kwa amayi, kwa Mkanda

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana onse pakhomopo. Ine kuno ku Joni ndili bwino, ntchito yosamalira maluwa ikadalipo, kungoti chisanu cha Julaye chafika pena, m'mawa udzu umachita kuyera mbuu. Kalatayi ndapatsira mnyamata wa kwathu konko amene akukwera basi Lachisanu. Mlongo wanga akuwerengereni amalume ali pomwepo, chifukwa mawu ena ndi awo.

Za kubedwa kwa ng'ombe ndamva. Usiku umene anandiimbira foni sindinagone. Ng'ombe ziwirizo ndi thukuta langa la zaka ziwiri, ndipo ija ya nyanga yothyoka ndinaisankha ndekha ulendo womaliza uja, ikunyambita mchere m'dzanja langa. Tsopano ngolo yangokhala pansi pa mtengo wa mango, fodya mudzanyamulira chiyani? Zandipweteka, amayi, musaganize kuti poti ndili kutali sindikumva.

Koma chimene chandilembetsa ndi china. Akuti mapazi analowera ku Zambia, ndiye anyamata apangana kuti venda aliyense wochokera uko akaoneka pamsika amuthire chibakera. Akutinso amalume anena kuti kuchiliza cha agogo, kwa amayi aang'ono ku Zambia, sikupita munthu. Amalume, ndinu eni mbumba, sindingakuphunzitseni. Ndikungopempha mundimve. Mlongo wanga wandiuza kuti mitengo ya khola anaizula kumbuyo, mbali imene inadyeka ndi chiswe, ndipo galu sanauwe ngakhale kamodzi. Munthu wa ku Chipata angadziwe bwanji pamene pali chiswe m'khola mwathu? Ogula angakhale a uko, inde, koma amene anawatsogolera timamwa naye madzi a pamjigo umodzi.

Ndikulankhula ngati munthu amene ndinalawapo kukhala mlendo woloza chala. Mu 2015 ndili ku Durban, anthu amene ndinkagula nawo buledi sitolo imodzi anatitembenukira tsiku limodzi, akuti makwerekwere tikuwalanda ntchito, ndife akuba. Ndinathawa ndi malaya a m'thupi okha, n'kukagona m'tenti ku Chatsworth, mayi wina wa ku Mangochi akuyamwitsa khanda pambali panga, lopanda ndi thewera lomwe. Boma lathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu. Palibe amene anandifunsa ngati ndinabapo. Anangomva kalankhulidwe kanga, basi. Ndiye ndikamva kuti ana a kwathu akufuna kumenya munthu chifukwa cha mbali imene wachokera, thupi langa limachita tsembwe.

Komanso a ku Zambia ake ati? Amayi aang'ono anayamwa bere limodzi ndi inu. Munda wawo ndi wathu walekana ndi kanjira koyenda mbuzi. Agogo mpaka kumwalira akamapita ku Chipata ankati akupita ku Fort Jameson, osati ku dziko lina, ndipo boma lathu la Mchinji ankaliti Fort Manning, poti onsewo anali maina a azungu omwe anadula malirewo. Ogasiti akafika timakwera lole imodzi kupita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, gule wathu n'kuvina bwalo limodzi ndi wa ku Zambia ndi wa ku Mozambique. Chaka cha njala chija, ndani anabwera ndi thumba la ufa panjinga, atalikuta ndi chitenje? Chibale ndi fupa, amalume, munandiphunzitsa ndinu.

Pempho langa ndi ili. Nkhaniyi mukaitule kwa a mfumu ndi kupolisi, ndipo a mfumu atumize uthenga kwa anzawo a mbali inayo. Ana a amayi aang'ono amadziwa kumene ng'ombe zimagulitsidwa uko kuposa ife. Akatiyendera m'misika ndi kwa opha nyama, ng'ombe ya nyanga yothyoka sibisika. Koma sangatiyendere titawakana pachiliza.

Tsopano za mng'ono wanga. Njinga yamoto ija ndinagula kuti azichita kabaza masana, pakati pa kwa Mkanda ndi kuboma. Ndamva kuti akumanga matumba atatu a soya n'kumadutsa madulira usiku, nyali atazimitsa. Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Chigwereni kwacha yathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya ku Zambia ikasinthidwa imachuluka m'manja, ndipo mavenda a uko amalipira pompopompo, pamene a kwathu sikelo yawo mukuidziwa. Mnyamata ali ndi mkazi woyembekezera, sindikumuda. Koma m'tchire usiku simuyenda soya yekha. Njira yomweyo ndi imene yadutsa ng'ombe zathu. Anthu amene amakhapa anyamata a kabaza amafuna njinga, ndipo amadziwa kuti pobwerera m'thumba muli ndalama. Mng'ono wangayo akakumana ndi achitetezo, katundu ndi njinga zonse zapita, ndipo sangadandaule kwa wina aliyense.

Ngati malonda a mbewu wawakonda, asonkhane ndi anzake angapo, apeze galimoto, adzere pachipata cha Mwami dzuwa likuswa mtengo. Kuyambira Disembala 2022 maofesi a maiko awiriwa ali malo amodzi, sumaimanso kawiri, ndipo amalonda ang'onoang'ono ali ndi fomu yawo yosavuta ya bungwe la zamalonda la COMESA. Ayambe wafunsa ngati mbewuyo ikuloledwa kutuluka, poti nthawi zina boma limatseka, makamaka chimanga. Ndikudziwa n'kutali, ndipo phindu lichepa. Lichepe. Amayi, mumuuze ndinu, ine pafoni amangoti "chabwino achimwene" kenako n'kudula.

Ndalama ndatumiza pa Mukuru m'dzina la mlongo wanga. Gawo lina mugule mitengo yabwino ndi waya, khola la mbuzi mulisendeze kufupi ndi zenera la kuchipinda kwanu. Lina ndi la simenti ya chiliza, mukapereke m'manja mwa amayi aang'ono, munene kuti yachokera kwa ine. M'chikwama chimene wanyamula mnyamatayo muli bulangete lanu, jekete la amalume ndi tochi yotchaja padzuwa. Nsapato za ana ndalephera ulendo uno, munditumizire saizi zawo.

Mundiperekere moni kwa a mfumu ndi kwa onse a kumpingo.

Ine mwana wanu woyamba.