Kalata yokhudza nambala 2,147,483,647

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira ukupeza bwino kutali komwe uliko. Kuno tonse tili gwa.

Unafunsa chifukwa chake masewera ena a pa kompyuta amati mapointsi akafika 2,147,483,647 sakweranso. Nambalayi ili ndi mbiri, ndipo ndi yakale kuposa kompyuta.

Tenga ma 2 okwana 31, uwachulukitse onse, kenako uchotsepo 1. Yankho lake ndi nambala yakoyo. Chodabwitsa n'chakuti palibe nambala imene ingaigawe popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Zoterezi amazitcha mapraimu, ndipo zikapangidwa mwa njira ya ma 2 imeneyi zimadziwika ndi dzina la wansembe wa ku France, Marin Mersenne. Koma usaganize kuti njirayi imabala praimu nthawi zonse. Ma 2 akakhala 11 umapeza 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Amene anatsimikiza kuti yathuyi sigawika ndi katswiri wa masamu Leonhard Euler, m'kalata yomwe analembera katswiri mnzake Daniel Bernoulli mu 1772, maso ake atatsala pang'ono kuferatu. Apa ndi pomwe pamandikoma. Munthu wamba akanayamba kugawa ndi 3, 5, 7 mpaka kutopa. Euler anayamba ndi kuganiza. Panalibe chifukwa choyesera nambala zopitirira 46,340, poti 46,341 ukaichulukitsa ndi iyo yomwe wadutsa kale nambala yathu. Anaonetsanso kuti praimu iliyonse yomwe ingathe kuigawa iyenera kusiya 1 kapena 63 ikagawidwa ndi 248. Ndi mfundo ziwiri zokhazi, zoyesa zinatsika kuchoka pa masauzande kufika pa mazana ochepa. Kwa ine luso lili pamenepa, kugawa kwenikweniko aliyense wodekha akhoza.

Nambala yathuyi ili ndi mwana wakenso. Ukaichulukitsa ndi 1,073,741,824 umapeza 2,305,843,008,139,952,128, imene ili m'gulu la nambala zangwiro. Izi ndi zija ukaphatikiza nambala zonse zozigawa, kupatula iyo yomwe, umabwerera pa mwini wake, monga 6, yemwe ndi 1, 2 ndi 3 pamodzi. Yotsatira ndi 28, ndipo chimphona chathuchi ndi chachisanu ndi chitatu pa mndandanda. Sizipezeka wamba.

Tsono za kompyuta. Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'timalo 32, kalikonse kokhala ndi 0 kapena 1. Kamodzi kamasonyeza ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro, 31 totsalato ndiye towerengera. Timalo 31 timeneti tikadzaza ndi ma 1, wafika pa 2,147,483,647, ndipo ukawonjezera 1 nambala ija ikhoza kutembenuka n'kugwera pansi pa ziro. Makina akale owerenga masekondi kuyambira pa 1 January 1970 adzafika pamenepa pa 19 January 2038, ndipo osakonzedwa adzayesa kuti ali mu 1901. Atsopano amagwiritsa ntchito timalo 64, choncho foni yako usaidere nkhawa kwambiri.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale.