Pempho kwa ana akwathu: ngalande yakuseri kwa msika wa Ngabu yagumukanso

Ife a komiti ya chitukuko cha mudzi, pamodzi ndi amfumu, tikulembera inu ana athu ndi abale amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Malowo mukuwadziwa: kuseri kwa msika, kumene kale kunali minda ya mapira ndi thonje. Lero ndi nyumba za lendi zokhazokha, zothithikana, ndipo pomanga palibe amene anasiyira madzi njira.

Ngalande imene tinakumba namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale 2022, Freddy anaikwirira mu Malichi 2023. Tinaikumbanso ndi makasu, yagumukanso. Vuto ndi dothi. Kuno ndi makande: m'chilimwe amang'aluka mpaka dzanja kulowa, mvula ikagwa amafufuma n'kuyamba kutsetsereka. Ngalande yosamangira m'mbali imatha dzinja limodzi. Zimbudzi nazo zimatitimira, madzi ake n'kuyenderera kukafika pamjigo umene ana asukulu amamwapo. Kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale.

Amisiri tili nawo, ndipo kamangidwe tagwirizana. Kuya masentimita 60, pansi masentimita 40, pamwamba mita imodzi, kuti m'mbali mukhale mopendekera; khoma loimirira makande amalikankha. Pa mamita awiri alionse itsike sentimita imodzi, apo ayi madzi amaima n'kuswa udzudzu. Pansi tiyale kaye mchenga wa masentimita 10, pamwamba pake miyala, yomangidwa ndi muyezo umodzi wa simenti ku miyezo inayi ya mchenga. Kuyala simenti padothi lenilenilo n'kutaya ndalama, imasweka chilimwe choyamba. Tikamanga tizithirira masiku 7, m'mawa ndi madzulo, poti dzuwa lakuno limaumitsa simenti isanagwire. Podutsa ngolo pakufunika mapaipi a mamilimita 600. Aang'ono tinayesa, amatsekeka ndi majumbo ndi makoko a nzimbe. M'mphepete tidzala vetiva, mitengo ya nimu patali pang'ono kuti mizu isatukule miyala.

Mchenga amayi atuta pamutu, mulu uli pafupi ndi mjigo. Miyala anyamata aunjika. Chatisowa ndi simenti, mapaipi, mawilibala ndi galimoto yonyamulira. Amene anatilonjeza simenti pamsonkhano, tinawaombera m'manja, sanabwerenso.

Zikutichititsa manyazi kupempha, koma tinene: zina mwa nyumbazi ndi zanu, ndipo lendi imakupezani pafoni mwezi ndi mwezi. Amene amagona pamabenchi a tchalitchi madzi akalowa ndi alendi anuwo ndi amayi anu. Wa thumba limodzi atumize limodzilo, wa galimoto atibwereke tsiku limodzi. Zonse zifikire kwa amfumu kapena kwa aliyense wa komiti amene mukumudziwa. Ntchitoyi iyenera kutha Novembala asanafike, chifukwa makande akanyowa ngakhale ngolo silowa.