Lipoti la msonkhano wa za magetsi umene munandituma

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu kuno ku Joni, munandituma kuti ndikamve maganizo a anthu pa funso loti magetsi a dziko lino la South Africa azichokera kuti. Msonkhanowu unachitikira m'holo ina ku Soweto Loweruka lapitali, ndipo anthu anadzaza mpaka ena kuimirira kukhomo. Kuthimathima kwa mu 2023 sanakuiwale.

Nthawi yambiri inathera pa malasha, poti magetsi ochuluka a Eskom, kampani ya boma ya magetsi kuno, amachokera kumeneko. Bambo wina wa ku Mpumalanga anafotokoza zimene zinachitika atatseka siteshoni ya magetsi a malasha ya Komati mu 2022. Anati aganyu, oyendetsa mataxi ndi amayi ogulitsa zakudya pageti anangotsala manja lende, pamene ntchito zatsopano zimene ankayembekeza sizikuoneka. Atangokhala pansi, mayi wa ku Emalahleni, tauni ya migodi ya malasha, anatulutsa m'chikwama kabotolo kopopera m'kamwa ka mwana wake wodwala mphumu n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone. Anakumbutsa anthu kuti mu 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mpweya woipa wa m'derali ukuphwanya ufulu wa anthu. Awiriwa sanakangane. Onse anadandaula chimodzi, kuti zinthu zimagamulidwa kumaofesi, iwo amangouzidwa zitatha kale. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa munthu amene sanafunsidwe savomera ngakhale chinthucho chikhale chabwino.

Pa nyukiliya anthu anagawikana. Achinyamata ena anati siteshoni ya Koeberg, kufupi ndi Cape Town, yakhala ikugwira ntchito kuchokera mu 1984 ndipo sidikira dzuwa kapena mphepo. Akuluakulu anayankha ndi nkhani ya mu 2017, pamene khoti linathetsa mgwirizano wa nyukiliya wa boma ndi dziko la Russia, mlandu umene Makoma Lekalakala wa bungwe loteteza chilengedwe la Earthlife Africa konkuno ku Johannesburg anautsogolera pamodzi ndi Liz McDaid. Ndinaona kuti mantha awo ambiri ali pa ngongole ndi kuchita zinthu mobisa kuposa pa ngozi. Ife nkhaniyi si yachilendo kwenikweni, poti miyala ya uranium, imene amapangira magetsi a nyukiliya, ili kwathu ku Kayelekera.

Za magetsi a mphepo anangozidutsa, chifukwa makina ake ali kutali, kuzigawo za Cape.

Sola anaiombera m'manja pafupifupi onse, ndipo apa ndinaimika dzanja m'dzina lanu. Ndinati ambirife timachita lendi tizipinda takuseri, denga ndi la eni nyumba, mita ndi yawonso, ndipo mtengo wa mayunitsi amatchula okha. Olemera akaika sola ndi mabatire pamadenga awo, otsala pa waya wa kampani ndi ife osauka, ndiye mitengo ikamakwera idzatsamira pa ndani? Anthu ambiri a konkuno anavomereza kuti vutoli ndi lawonso.

Atandifunsa za kwathu, ndinawauza kuti Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Ndinatchulanso sola ya ku Salima ya mamegawati 60. Ena amene ankatamanda magetsi a madzi kuti alibe vuto anayamba kufunsa za chilala ndi kudula mitengo m'mbali mwa mitsinje.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wa mwezi uno aliyense adzanene ndalama zimene amalipira eni nyumba pa magetsi, tilembe pamodzi, kuti ulendo wina tidzapite ndi umboni m'manja. Ndikupemphanso komiti iganizire zoti amene akufuna kugulira makolo sola kumudzi azisonkherana n'kugulira pamodzi. Ulendo wotsatira tidzatumenso mayi mmodzi, chifukwa nkhani yophikira parafini ndi gasi magetsi akathima inatuluka ndipo amene angaifotokoze bwino ndi iwo.